Wodwala Wanga Womaliza Anali Woyimba wa ku Norway

Tadala ndi Madalitso, ana anga, chigawo chino ndi cha ntchito yosamalira odwala imene ndinagwira zaka zisanu kuno ku Indiana, ndi mmene inandithera. Nthawi imeneyo ndinakuuzani kuti msana wandikana. Msana unali bwinobwino. Ndinali nditasaina pepala loti ndisaulule, koma tsopano ndinapuma ndipo palibe ntchito ina imene angandichotse. Mayina okha ndawasintha. Muwerenge m'Chichewa chomwechi, ngakhale ndikudziwa kuti mudzandiyankha m'Chingerezi.

2010 mpaka 2013, South Bend

Ntchito yanga yoyamba ku America inali pa nyumba yosungirako okalamba ku South Bend, pamene bambo anu anali pa maphunziro. Ndinayamba ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Antchito tinali ochepa nthawi zonse. Shifiti ya m'mawa munthu mmodzi ankasambitsa okalamba opitirira khumi, ndipo matawelo ankatha dzuwa lisanakwere, moti tinkabisa athu pamwamba pa kabati ngati akuba. Supavaiza wathu ankayenda atagwira wotchi m'manja. Ukakhalitsa kwa gogo wina amene wagwira dzanja lako, ankagogoda pa chitseko ndi chala chimodzi. Anzanga ambiri sankatha miyezi isanu ndi umodzi. Ine ndinakhala chifukwa ndinali ndi chinthu chimodzi chimene iwo analibe. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo ndinakulira kwa agogo ku Mchinji, amene anali ogontha makutu onse awiri. Sitinkacheza, tinkangoyang'anana. Choncho wodwala amene sitiroko inamutseka pakamwa sankandivuta. Ndinkaona pa nsagwada kuti akumva ululu, pa maso kuti akufuna kuchimbudzi. Onse osayankhula ankandipatsa ine.

Tadala, chaka cha 2012 unapita ndi anzako ku holo ina yaing'ono ya ophunzira kukamvera mtsikana wa ku Norway amene ankayimba yekha ndi kiyibodi, woyambirira chabe asanakwere eni ake a chionetsero. Unabwera ndi chimbale chimene anakugulitsa yekha pakhomo. Miyezi yambiri ndinkamva nyimbozo kudutsa khoma la chipinda chako. Ndimutcha Ragna. Mawu ake anali oonda ndi okwera kwambiri, oyera ngati a mwana wa kwaya. Unkandiuza kuti nyimbo zonse amapeka yekha, ndipo tsiku lina dziko lonse lidzamudziwa. Ndinkangoti eya, chepetsa voliyumu.

2013 mpaka 2015, Indianapolis

Bambo anu atamwalira, amayi a gulu lathu la Amalawi a ku Indianapolis anayendetsa galimoto mpaka ku South Bend, anagona pansi masiku anayi. Mtsogoleri wawo, amayi Chirwa, ndiwo anandidyetsa ndi supuni tsiku limene ndinkalephera kudya ndekha. Ndilemba zimenezi kuti musadzati mayi athu anaiwala zabwino. Iwo omwewo anatipezera kanyumba kaja ka ku Beech Grove, ndipo ine ndinalowa ku ejensi yotumiza antchito m'makomo mwa odwala. Ntchitoyo inali yabwino kuposa yoyamba: wodwala mmodzi, nyumba imodzi, popanda wogogoda pa chitseko. Bwana wanga anali Debbie, mzimayi wansangala amene ankatchula aliyense dzina loyamba, ngakhale womuposa zaka khumi. Zaka ziwiri panalibe dandaulo lililonse pa ine. Nthawi yomweyo Ragna anayamba kumveka pa wailesi, m'masitolo, ngakhale pothira mafuta. Iwe Tadala unkakuwa m'galimoto kuti ine ndinamudziwa anthu onsewa asanamudziwe.

Marichi 2015

Debbie anandiyitana ku ofesi Lolemba m'mawa. "Esnart, ndili ndi ntchito ya masiku khumi yogona konko, ndipo ndikufuna munthu wosayankhula. Ndinangoganiza za iwe." Anaseka, kenako anandifotokozera. Wodwalayo anali woyimba, mawu anamudukira ali pa siteji pakati pa ulendo wake wozungulira mizinda. Pa timinofu tiwiri ta pakhosi timene timatulutsa mawu panali patamera kachotupa, ndipo dokotala wina wa kuno ankakachotsa mawa lake. Pambuyo pa opaleshoni masiku khumi asayankhule, asanong'one, asaseke, asalire mokweza. Alendo ayi. Ndinawerenga malamulowo, ndinasaina. Dzina ndinaliona pansi pa pepala, linali la Ragna, ndipo ndinaganiza za iwe Tadala, koma sindinanene kanthu kunyumba.

Anamubwerekera nyumba pafupi ndi pakati pa mzinda, ku Downtown, yaikulu, yozizira, ya mipando yoyera. Anali wamng'ono thupi kuposa pa zithunzi, wa zaka za mwana wanga. Anali ndi kabolodi koyera ndi cholembera, ndipo akalemba ine ndinkawerenga n'kufufuta ndi kansalu. Pofika tsiku lachitatu sankalembanso zambiri, chifukwa ndinkabweretsa madzi asanawafune. Manijala wake, mwamuna wamtali dzina lake Olav, ankabwera m'mawa uliwonse kwa mphindi zochepa, kumuonetsa pa foni masiku a zionetsero zimene zasunthidwa, kumugwira paphewa, n'kumapita. Anzake oyimba nawo anali atakwera ndege kubwerera kwawo. Mayi ake ankalemba mauthenga pa foni. Palibe munthu wina amene analowa pa khomo limenelo. Masana ankakhala pa kiyibodi atavala zomvera kumakutu, ndipo ine ndili kukhitchini ndinkangomva kugogoda kwa zala, kopanda nyimbo.

Tsiku lachisanu, Loweruka, ndinamupeza atakhala pansi m'bafa akulira, dzanja limodzi litagwira pakhosi kuti mawu asatuluke. Ndinaona anthu ambiri akulira pa ntchito yanga, koma kulira kodziletsa koteroko kunandipweteka. Ndinakhala naye pansi pomwepo. Ine wosayankhula, tsiku limenelo ndinayankhula. Ndinati kwathu wodwala sakhala yekha chonchi, anthu amabwera kudzamuzonda. Anatenga kabolodi nalemba kuti, amadzachita chiyani? Ndinati amangokhala nawe, amapemphera pang'ono, amapita. Kenako analemba mawu amodzi, abwere, nadula mzere pansi pake. Ndinawerenga, ndinafufuta ndi kansalu monga mwa masiku onse.

Lamulo ndinkalidziwa. Koma m'mutu mwanga alendo anali atolankhani ndi anthu ofuna zithunzi. Ozonda matenda sindinkawayesa alendo. Ndinayimbira amayi Chirwa, osatchula dzina la wodwala.

"Mwana wa eni ake, masiku asanu osaona munthu? A Nachisale, mwachedwa kunena."

"Mubwere awiri kapena atatu, amayi. Ndipo pasakhale phokoso, sakuloledwa kuyankhula."

"Musativute. Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndiwatenga amene alipo."

Amene analipo anali asanu ndi anayi. Anabwera pa galimoto ziwiri cha m'ma thuu koloko masana, ndi zitenje zawo za Lamlungu, malalanje, ndi mandasi amene wodwala sakanatha kumeza. Anavula nsapato pakhomo, anakhala pansi pa kapeti kusiya mipando yoyera ija. Aliyense anamugwira dzanja: pepani mwana wathu, pepani. Fanesi, wamng'ono pa onsewo, anamuzindikira nthawi yomweyo, anandiyang'ana maso ali tong'o, koma ndinamupukusira mutu. Amayi Chirwa sankadziwa kanthu za oyimba a pa wailesi. Anamuyang'anitsitsa n'kuti, "Ndiye mankhwala ake ndi kukhala chete basi? Dokotala ameneyu mundipatse nambala yake, ndikadirope abambo Chirwa." Onse anaseka. Fanesi anamasulira, ndipo Ragna anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Kanali koyamba kuona nkhope yake itamasuka.

Kenako amayi Chirwa anakonza pakhosi. Ndinawagwira mkono. "Amayi, tingopemphera chamumtima."

"Odwala asayimbe, tiyimba ndife. Pemphero lopanda nyimbo munaliona kuti?"

Anayamba chapansipansi, nyimbo ya kutchalitchi imene timayimba pa matenda. Koma mayi amene amagwira mawu apakati, amene ku kwaya timati alito, anali ku shifiti tsiku limenelo. Nyimboyo inali ndi mawu apamwamba ndi apansi, pakati pali mpata. Ine ndinali nditaima pakhomo la chipinda. Ndinaona phazi la Ragna likuyamba kugunda pansi. Ndinaona mutu wake ukupendekera kumene kunali mpatawo. Pa ndime yachiwiri pakhosi pake panayamba kuyenda popanda mawu. Pa ndime yachitatu nthiti zake zinakwera, akukoka mpweya. Ndinadziwa chimene chikubwera, pakuti kuona zoterezi ndiyo inali ntchito yanga. Panali mapazi anayi okha pakati pa ine ndi iye. Koma amayi Chirwa anali atatsinzina, manja ali m'mwamba, ndipo ine chibadwire sindinadulepo nyimbo ya pemphero ya munthu wamkulu pakati. Ndinati ndidikire ndime ithe.

Analowa pa mpata paja. Mawu a Chichewa sankawadziwa, ankangotsegula pakamwa, koma anagwera pamalo penipeni, ndipo nyimbo inadzaza chipinda. Amayi ena anatsegula maso. Anayimba ndime yonse, ndipo pomaliza anakwera pamwamba pa onse monga ankachitira pa chimbale chako chija. Fanesi anali atakweza foni yake.

M'mawa mwake anandilozera pakhosi, nkhope itatuwa. Kuchipatala dokotala analowetsa kakamera, natiuza kuti mtsempha waphulika pamalo pomwe anadula. Panafunika miyezi ina ya chete, mwina opaleshoni yachiwiri, ndipo sanalonjeze kuti mawu okwera aja adzabwerera. Anafunsa ngati anagwiritsa ntchito mawu. Ragna analemba kuti anatsokomola. Ine ndinayang'ana pansi. Koma nyumba ija inali ndi kamera pakhomo, ndipo Olav anaona amayi asanu ndi anayi akuvula nsapato, mmodzi akutuluka akuonetsa anzake kanthu pa foni.

Debbie sanaseke tsiku limenelo. Ulendo wonse wa zionetsero unali utathetsedwa, a inshuwalansi ankafuna kudziwa chimene chinachitika, ndipo loya wa Olav ankafuna mayina ndi maadiresi a amayi onse kuti aliyense alembe umboni ndi kupereka foni yake. "Ukapereka mayina, ndikulembera chenjezo ndipo Lolemba ukhala kwa wodwala wina. Ukakana, ndilibe chochita, tikuripota kuti unanyalanyaza wodwala, ndipo dzina lako likalowa m'kaundula wa boma wa onyalanyaza odwala, palibe ejensi kapena chipatala chimene chidzakulembe. Uli ndi mpaka Lachisanu."

Ndinapita kwa amayi Chirwa ku sitolo imene ankagwirako ntchito pa Lafayette Road. Ndinawapeza akusanja matumba a ufa. Ndinafotokoza zonse. Sanasiye kusanja.

"Fanesi mapepala ake okhalira m'dziko muno anatha chaka chatha, mukudziwa. Ndi mayi Gondwe chimodzimodzi. Kalata ya loya ikangofika pakhomo pawo, ana aja atsala ndi ndani?"

"Ndikudziwa, amayi. Ndiye nditani?"

"Ife tinapita kukapemphera. Munatiitana ndinu."

"Ndinati awiri kapena atatu. Ndinati tisayimbe."

"Ndiye mukufuna kunena kuti nyimbo ya Mulungu ndi imene yamupweteka? Samalani pakamwa, a Nachisale."

Tsiku lomwelo ndinakwera basi kupita kwa Fanesi, ndinaima pambali pake mpaka anadilita vidiyo ija pa foni. Analira, nati anti mundikhululukire, sindinatumizire aliyense. Ndinamukhulupirira.

Lachisanu tinakumana m'nyumba ija pamene ndinkakatenga chikwama changa: Debbie, Olav, ndi loya ali pa foni. Ragna anali pa mpando woyera, kabolodi pamiyendo. Ndinati vidiyo kulibenso, ndipo mayina sindipereka. Ndinati kulakwa ndi kwanga, koma wodwala sindinamunyalanyaze, ndinamufunsa ndipo anavomera yekha kuti abwere. Olav anafunsa kuti zinalembedwa pati. Ndinati pa kabolodi. Anati zili kuti. Ndinati ndinafufuta. Tonse tinatembenukira kwa Ragna. Anali woletsedwa kuyankhula, koma cholembera chinali m'manja mwake. Ndikudziwa kuti anali ndi mantha, ndinawaona pa nsagwada pake. Akanalemba kuti inde, vuto lonse likanagwera iye. Anayang'ana pawindo, ndipo cholembera sanachitsegule.

Kalata ya boma yoti dzina langa lilowa m'kaundula uja inabwera patapita milungu ingapo. Ndinali ndi masiku oti ndikanene mbali yanga, koma umboni wanga unali amayi omwewo, ndiye ndinangoyika kalatayo m'Baibulo.

2015 mpaka 2018

Tinachoka ku Beech Grove n'kupita ku fulati ija ya ku Lafayette Square, ndipo ndinalowa ntchito yochapa ndi kusita nsalu pa hotela ina ku Downtown. Chipinda chochapiramo chinali pansi pa nthaka, chopanda windo. Makina ankachita phokoso moti sitinkamvana, ndipo bwana wathu ankalankhula ndi manja. Munthu amene ankadziwa kuwerenga nkhope za odwala ankapinda nsalu za pabedi za anthu amene sanawaonepo. Zala izi zinapindikira kumeneko. Madalitso, uja unkandinena kuti ndimanunkha sopo ngakhale Lamlungu, sunaname. Ku gulu la amayi ndinkapitabe. Palibe amene anatchulapo nkhani ija. Ankangoti, a Nachisale anasintha ntchito, msana.

Ragna anakhala chete pafupifupi zaka ziwiri, ndipo iwe Tadala unkadandaula kuti watha. Kenako mu 2017 anatulutsa chimbale chatsopano. Mawu okwera aja sanabwerere. Anabwera ndi mawu otsika, okhala ngati ali ndi mchenga, ndipo anthu anawakonda kuposa akale. Unandiuza kuti tsopano akuyimba ngati munthu amene anavutikapo. Nyimbo imene inatchuka kwambiri inali yonena za amayi asanu ndi anayi opanda nsapato amene analowa m'chipinda cha wodwala tsiku Lamlungu n'kumubwezera mtima wofuna kuyimba. Unandimasulira mzere ndi mzere tili m'galimoto pa Lafayette Road, n'kunena kuti, "Mami, imagine, akuti zinachitikira kuno ku Indiana." Ndinati ndi nyimbo yabwino. Ndinawerenga chamumtima amene tinali m'chipinda muja kupatula wodwala. Tinali khumi.

Fanesi sanathe kusunga chinsinsi, ndipo nyimboyo inafika ku gulu. Ankayiliza pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Amayi Chirwa anaima pa msonkhano wina kupereka umboni wakuti pemphero lawo linachiritsa woyimba wodziwika dziko lonse, ndipo mawu amene akuyimba nawo tsopano ndi amene anawalandira tsiku lija. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinali kumbuyo ndikugawa mbale. Inu simunkabweranso ku misonkhano imeneyi, ndiye nkhaniyo inakudutsani.

2018

Patatha zaka zitatu, mayi wina wothandiza anthu pa zamalamulo anandiuza kuti ndikhoza kupempha kuti a boma aunikenso nkhani yanga. Anati chimene chingathandize kwambiri ndi kalata yochokera kwa wodwalayo, yonena kuti anavomera yekha kuti anthu abwere. Mzere umodzi ukanakwana. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo ndinkaona kuti ndikhoza kugwirabe zaka zina zisanu pambali pa bedi la munthu. Ndinaganiza kuti tsopano iye alibenso choopa, pakuti nkhaniyo ankayiyimba yekha pamaso pa anthu zikwizikwi. Ndinalemba kalata ndi dzanja, masamba awiri, katatu konse mpaka Chingerezi chinakhala bwino. Sindinamudzudzule. Ndinamukumbutsa za bafa, za kabolodi, za mzere umene anadula pansi pa mawu aja. Ndinatumiza ku ofesi ya amene amayendetsa ntchito zake.

Yankho linabwera patapita miyezi iwiri, mu envulopu yaikulu yolimba. Ndinatsegula nditangoweruka, ndisanavule yunifolomu. Munali chithunzi chake chosainidwa, cholembedwa kuti kwa Esnart ndi chikondi, ndi matikiti awiri a chionetsero chake cha ku Indianapolis mwezi wotsatira, mipando yakutsogolo. Ndinagwedeza envulopu, ndinayang'ana kuseri kwa chithunzi. Munalibe china. Mpaka lero sindikudziwa ngati kalata yanga anaiwerenga yekha, kapena anangomupatsa mulu wa zithunzi kuti asaine. Sindinalembenso. Ndinagwira ntchito ya nsalu mpaka kumapeto kwa 2019, pamene manja anakaniratu.

Chithunzicho ndinachitaya m'bini la kuseri kwa fulati. Matikiti ndinawasiya patebulo, ndikuganiza kuti ndiwatani. Tadala, unabwera Loweruka limenelo kudzachapa zovala zako, ndipo unawapeza. Kunali kutatsala milungu itatu kuti likwane tsiku lako lobadwa. Unandikumbatira mpaka ndinatsala pang'ono kugwa, unati sunkadziwa kuti ndinkamvetsera zaka zonsezi. Unapita ndi mchimwene wako. Mawa lake unabwera mawu atasasa, n'kundiuza kuti pa nyimbo ya amayi aja holo yonse inaimirira, ndipo iye anavula nsapato pa siteji. Mpaka lero umauza anzako kuti imeneyo ndiyo mphatso yabwino kuposa zonse imene mayi ako anakupatsapo.

Sindinagule matikiti amenewo, mwana wanga. Anali yankho la kalata yanga.